Momwe mungayezetsere khansa ya khomo la chiberekero kuno ku Zomba

Kuti khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse, tonse tinamva kale pa wailesi ndi kusikelo. Zimene sitiuzana ndi zochitika ukalowa m'kachipindamo, komanso zotsatira ukapezeka ndi timawanga pakhomo la chiberekero, tomwe tingadzasanduke khansa. Ine ndinayezetsa, anandipeza nato, anandiotcha tsiku lomwelo. Ndondomeko yake ndi iyi.

Yambani ndi kusankha tsiku. Musapite muli kumwezi, chifukwa magazi amaphimba malo ofunika kuwaona ndipo akhoza kukubwezani mutataya kale ndalama ya kabaza. Dikirani muyere kaye. Oyenera kwambiri kuyezetsa ndi amayi a zaka 25 mpaka 49, ngakhale amene sakumva kupweteka paliponse. Kachilombo ka HPV, komwe kamayambitsa nthendayi, timapatsirana pogonana, ndipo kamatha zaka 10 mpaka 20 kali phee kasanasanduke khansa. Kwa mayi amene ali ndi HIV kamathamanga kwambiri, choncho ngati mumalandira ma ARV funsani komweko kumene mumatengera mankhwala, nthawi zambiri amayeza konko.

Kopita kulipo. Ku Zomba Central amayeza, ku Matawale amayeza, ndipo a mbali ya Malosa ali ndi St Luke's pafupi. Kuzipatala za boma simulipira kanthu. Kwa a mishoni ndi ku Banja La Mtsogolo funsani kaye mtengo musanagone pabedi. Kuzipatala zazing'ono za kumudzi sayeza tsiku lililonse, ndiye funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti namwino wake amapezeka liti. Tengani buku lanu la kuchipatala, chitenje choyala, ndi padi imodzi m'chikwama. Padiyo gulani kugolosale kwanu, pageti amakweza mtengo poona kuti mulibe kothawira. Lawirani, mzere umakula dzuwa likangokwera.

Musatsukiremo chilichonse m'kati m'mawa wake. Kusamba wamba basi.

Mukalowa, namwino akufunsani za ana amene munabereka, tsiku lomaliza kusamba, njira yolera, ndiponso ngati munayezetsa magazi. Ngati mukuganiza kuti muli ndi pakati nenani, chifukwa woyembekezera samuotcha. Kenako mugona chagada, alowetsa kachitsulo kooneka ngati mlomo wa bakha kuti khomo lionekere. Kamazizira, kamakankha pang'ono, koma mukapuma mozama n'kumasula thupi sikapweteka. Apaka viniga pakhomopo ndi thonje n'kudikira mphindi imodzi. Zija zoti amatulutsa chiberekero n'kuchiyika m'mbale kenako n'kuchibwezera ndi nkhambakamwa za pachitsime. Palibe chimene chimatuluka.

Zotsatira mumva pompo. Ngati pakhomo sipanasinthe mtundu, alemba m'buku tsiku lodzabweranso, mwatha. Ngati paoneka timawanga toyera, nthawi zambiri imeneyo si khansa ayi, ndi malo amene akuyamba kusintha, omwe atawasiya angadzasanduke khansa m'tsogolo. Akufunsani ngati mukuvomera kuti aotche. Amagwiritsa ntchito kachipangizo kamene nsonga yake imatentha mpaka madigiri 100, amakakhudzitsa pamalopo kwa nthawi yosakwana mphindi. Mumamva kupotokola ngati kwa tsiku loyamba la msambo. Vomerani tsiku lomwelo ngati n'kotheka. Ambiri amene amati akaganize kaye kunyumba sabwereranso.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhazikike, chifukwa ndi pamene zinandisokonekera ine.

Mukaotchedwa pamatsala bala, ndipo balalo limatulutsa madzi. Osati pang'ono. Madzi oyera, nthawi zina osakanikirana ndi timagazi, amatuluka kwa masabata angapo mpaka kufuna padi tsiku ndi tsiku. Kunja kunali mzere wautali ndipo malangizo anaperekedwa mothamanga, ine mutu uli pa mawu oti timawanga, moti za madziwo sizinandilowe. Atayamba ndinkaona ngati andiboola. Azakhali atamva anabwera ndi mizu yoti ndinyike n'kumaikamo. Mnzanga wina ananditumizira pa WhatsApp nambala ya mayi wogulitsa timabotolo toti n'totsuka chiberekero, pa mtengo woti ukanagula thumba la chimanga. Amalonda amenewa achuluka, pa Facebook ndi mumsika momwe, ndipo palibe amene angakuuzeni zimene anathiramo. Chilichonse choikamo pa nthawiyi, kaya mizu, kaya sopo, kaya kansalu, chimapita pabala losapola n'kubweretsa matenda amene kunalibe. Ndinabwerera kuchipatala ndisanaikemo kanthu, namwino anayang'ana n'kundiuza kuti ndi mmene bala limapolera.

Vuto lalikulu linali la m'nyumba. Pamafunika mwezi wathunthu, kapena kuposerapo monga angakuuzireni, osakhala malo amodzi ndi bambo. Mawu amenewa akachokera pakamwa pa mkazi yekha, mwamuna amamva zina. Bambo a kwathu anayamba ndi kufunsa kuti matendawo ndawatenga kuti, kenako kuti n'chifukwa chiyani ndinavomera kuotchedwa osawauza. Nkhani inatsala pang'ono kufika kwa ankhoswe. Chinathandiza n'chakuti tinapita limodzi, namwino anawakhazika pansi n'kuwauza kuti, "Bambo, kachilomboka pafupifupi aliyense amene anagonanapo amakumana nako, amuna ndi akazi omwe, ndipo kakhoza kukhala kuti kanalowa musanakwatirane n'komwe. Mayiwa ali ndi bala, apatseni mpata lipole." Anamva, chifukwa ananena ndi a chipatala.

Ndiye langizo langa ndi ili. Auzeni bambo usiku wake musanapite kuti mwina akakuotchani ndipo padzakhala kudikira. Ngati angathe kukuperekezani, apite, akakhale pabenchi panja kuti akaitanidwe pa nthawi ya malangizo. Ngati sangathe, pemphani namwino alembe m'buku mwanu tsiku lenileni lomwe kudikirako kuthe, kuti mukawaonetse cholembedwa. Ndipo ngati mukudziwa kuti kunyumba kwanu mawu oti ayi sagwira ntchito, nenani poyera muli m'chipindamo, akupatsani makondomu. Si njira yabwino kwenikweni koma iposa kupita pabala popanda chotchinga.

Madzi okha asakuopseni. Thamangirani kuchipatala ngati thupi latentha, ngati zotulukazo zayamba kununkha, ngati magazi akutuluka ambiri kuposa a msambo, kapena ngati m'mimba mwa m'munsi mukupweteka kwambiri. Pamenepo musadikire tsiku la m'buku.

Zotsalazo n'zachidule. Pakatha chaka mubwerere akaone ngati panapola bwino. Ngati malo osinthawo ndi aakulu moti kuotcha sikungakwane, akutumizani kuchipatala chachikulu kukadula kachigawo kameneko. Ngati akukayikira khansa yeniyeni atenga kanyama kukayeza, ndipo ena amatumizidwa ku Queens ku Blantyre. Kalata yotumizira musaitaye.

Mwana wanu wamkazi akakwana zaka 9 abayitse katemera wa HPV. Katemerayu anayamba kuyesedwa kuno ku Zomba ndi ku Rumphi mu 2013, asanafalikire dziko lonse mu 2019, ndipo ngwaulere. Saletsa kubereka. Amayi athu amene anasiya kusamba, viniga saonetsa bwino pa msinkhu wawo, koma akaona magazi ngakhale kadontho apite nawo kuchipatala sabata yomweyo. Chimodzimodzi aliyense amene amaona magazi akatha kukhala malo amodzi ndi bambo.