Mandimu satha magazi: zoona zake za asidi wa m'zipatso zathu

Paliponse pamene ndakhala pansi ndi amayi a m'magulu a kadyedwe koyenera, kuyambira kumtunda ku Bembeke mpaka kutsikira ku Golomoti, sipalephera kupezeka wina wokweza dzanja n'kufunsa kuti, "Alangizi, kodi n'zoona kuti mandimu amatha magazi?" Ena amati woopsa kwenikweni ndi bwemba. Ena amafika poletsa mayi woyembekezera kulawa chilichonse chowawasa, pamene iye mtima uli dyokodyoko pa mango aawisi. Yankho langa silisintha: mandimu satha magazi. Akadyedwa pa nthawi yake, amathandiza thupi kupanga magaziwo. Zoyenera kusamala nazo zilipo ndithu, koma zili kumano, m'poto ndi m'ndowa.

Chimene chimawawasa m'chipatso ndi asidi. Musadzidzimuke ndi dzinali poganiza za asidi wa m'batire ya galimoto. Uyo ndi wina, ndipo ndi woopsa. Wa m'zipatso ndi wofatsa, ndipo ali m'mitundu ingapo. M'mandimu, malalanje ndi manachesi mumachuluka citric acid. M'maapozi, mapichesi ndi mapulamu a kuno kumapiri mumachuluka malic acid, amene dzina lake linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza apozi. Kuwawasa kobaya kwa bwemba kumachokera kwa tartaric acid, yemwenso amapezeka mu mphesa. Katswiri wa ku Sweden, Carl Wilhelm Scheele, ndiye anayamba kupatula citric acid kuchokera m'madzi a mandimu mu 1784, ndipo chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi malic acid wa m'maapozi. Pali winanso amene tonse timamudziwa koma sitimutchula kuti asidi: vitamini C, amene dzina lake lina ndi ascorbic acid.

Ukali wa asidi amauyeza pa sikelo yotchedwa pH, yoyambira pa 0 kulekeza pa 14. Madzi abwino amakhala pa 7. Nambala ikamatsika, asidi akukula mphamvu, ndipo kutsika ndi sitepe imodzi ndiye kuti mphamvu yawonjezeka kakhumi. Madzi a mandimu ali chapakati pa 2 ndi 3, malalanje chapakati pa 3 ndi 4, matimati kupitirira 4 pang'ono. Tsono tamverani izi: m'mimba mwanu muli kale asidi wogaya chakudya amene amatsika mpaka pansi pa 2. Ndimu likafika mmenemo lapeza mkulu wake. Magazi nawo thupi limawasunga pakati pa 7.35 ndi 7.45 usana ndi usiku, ntchito imene mapapo ndi impso zimagwira. Asidi wa m'chipatso akalowa m'thupi amangopsa ngati chakudya china chilichonse, n'kutsala madzi ndi mpweya umene timapumira kunja. Alibe njira yokaumitsira magazi.

Vuto la kuchepa magazi lilipo, ndipo ndi lalikulu. Kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu, komanso amayi 33 pa 100 alionse a msinkhu wobereka, anali operewera magazi. Koma olakwa ndi ena: malungo, njoka za m'mimba, likodzo, kubereka pafupipafupi, ndi kusowa kwa ayironi m'chakudya.

Pa ayironi pamenepa ndi pamene ndikufuna tikhalepo pang'ono. Ambirife nyama timaionera pa Khirisimasi ndi paukwati. Ayironi wathu wa tsiku ndi tsiku amachokera ku nyemba, khobwe, soya, bonongwe, nkhwani ndi mgaiwa. Ayironi wa m'zomera ndi wovuta kuti matumbo amuyamwe, chifukwa m'gaga wa chimanga ndi m'nyemba muli zinthu zimene zimamugwira zolimba, kotero wambiri amangodutsa. Vitamini C amamumasula n'kumusandutsa mtundu umene matumbo amaulandira mosavuta, ndipo citric acid amathandizirako. Chinsinsi chake n'chakuti ziwirizi zikumane m'mimba nthawi imodzi. Gwafa lodya m'mawa silingathandize nyemba za madzulo. Choncho mukapakula nsima ya nyemba, pambali pakhale gwafa, lalanje, papaya kapena kapu ya madzi a malambe. Ngati palibe, finyirani theka la ndimu mundiwo zamasamba mutaziphula kale pamoto. Tiyi amachita zotsutsana ndi zimenezi, amamanga ayironi. Ndikudziwa kuti m'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Dedza munthu sungamuuze zosiya tiyi, koma yesetsani kuti padutse ola limodzi kapena awiri kuchokera pamene mwadya nsima. Amayi amene mukulandira mapilitsi owonjezera magazi kusikelo, mezerani madzi kapena juwisi wa zipatso, osati tiyi.

Pa vitamini C, gwafa limene ana amagendera mbuzi lija limaposa lalanje kanayi kapena kuposerapo mukayeza mulingo wofanana. Ufa wa malambe a ku Golomoti, Mtakataka ndi chigwa cha Bwanje nawonso umaposa lalanje kutali. Gwafa limodzi lalikulu likukwanira pa zofuna za munthu wamkulu pa tsiku. Thupi la munthu silipanga vitaminiyu ndipo silimusunga nthawi yaitali. Akasowa kwa miyezi, nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, zilonda sizipola. Matenda amenewa ankapulula anthu oyenda pa sitima zapamadzi, ndipo mu 1747 dokotala wa ku Scotland, James Lind, anayesa kupatsa ena mwa odwala malalanje ndi mandimu, n'kuona kuti iwowo ndiwo anachira msanga.

Mdani wamkulu wa vitamini C m'khitchini mwathu ndi chidulo ndi soda. Pophunzitsa ndimakonda kuchita kachionetsero kamene aliyense angayese kunyumba. Viikani chidede m'madzi otentha mpaka afiire psuu, mugawe m'matambula awiri. M'tambula imodzi thiranimo chidulo kapena kasoda: madzi aja ada n'kuyamba kubiriwira. Finyiranimo ndimu: ngati munathira soda muona thovu likutumphuka, ndipo kufiira kuja kubwerera. Chidulo ndi soda zili mbali ina ya sikelo ija, kupitirira 7, ndipo zikakumana ndi asidi zimaphana mphamvu. Zimenezi ndi zomwe zimachitikira vitamini C mumphika wa masamba othira soda. Sindikunena kuti therere lithe m'mudzi. Therere lopanda chidulo ndani angalidye? Koma chizolowezi chothira soda m'nkhwani, m'chigwada, mu mpiru, ngakhale m'nyemba pofuna kupulumutsa nkhuni, chikutilanda zambiri. Nyemba ziviikeni usiku wonse, zipsa msanga popanda soda. Masamba aduleni mutatsuka kale, madzi akhale ochepa, muvundikire, ndipo asakhalitse pamoto. Moto ndi mpweya nazonso zimawononga vitaminiyu, n'chifukwa chake ufa wa malambe uyenera kuthiridwa m'phala la mwana mutaliphula ndipo layamba kuzizira. Apa ndikunena mwana amene wakwanitsa miyezi isanu ndi umodzi. Wosafika pamenepo ndi bere lokha.

Tibwere ku mano, kumene asidi amalakwadi. Chikutiro cholimba cha kunja kwa dzino chimayamba kusungunuka pH ya m'kamwa ikatsika pansi pa 5.5, ndipo zipatso zonse zowawasa zili pansi pa nambala imeneyi. Kuyayamira kumene mumamva mukadya mango aawisi ndi chenjezo. Malovu amakonza zimenezi akapatsidwa mpata, kotero chipatso chodya kamodzi n'kumaliza sichivuta. Chovuta ndi mwana amene wavumata bwemba kapena malambe kuyambira popita kusukulu mpaka poweruka, kapena amene akuyamwa juwisi wozizira wa m'timapepala, wodzaza shuga, kangapo pa tsiku. Chikutirochi chikatha sichimeranso. Mukadya chowawasa, chukuchani m'kamwa ndi madzi, ndipo musatsuke mano nthawi yomweyo chifukwa amakhala atafewa pamwamba. Dikirani mphindi 30 kapena ola. Atsikana amene mwayamba kumwa madzi a mandimu m'mawa uliwonse pofuna kuchepetsa thupi, dziwani kuti ndimu silisungunula mafuta a m'thupi, koma mano ndiye lingawadye.

Amene ali ndi chilungulira kapena zilonda za m'mimba amamva kupweteka akadya zowawasa, makamaka m'mimba mulibe kanthu. Iwowa achepetse, adye papaya ndi nthochi. Koma zilondazo sizinabwere ndi mandimu. Nthawi zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori kapena kumwa pafupipafupi mankhwala opha ululu monga aspirin ndi ibuprofen, ndipo kuchipatala kuli mankhwala ake. Ndiwonjezere mwachidule ziwiri: madzi a mandimu opaka kumaso n'kuyenda padzuwa amawotcha khungu n'kusiya mabala akuda, ndipo kutsukira mandimu kumalo obisika sikuteteza ku matenda kapena mimba, kumangosupula khungu n'kutsegulira matenda njira.

Tsopano kwa inu a magulu opanga jamu, juwisi ndi sosi. Aliyense amene wadutsa pa Lizulu kapena pa mphambano ya Tsangano nthawi imene matimati achuluka waona milu ikuwola m'mbali mwa msewu. Mapichesi a mu Novembala ndi Disembala nawo sachedwa kufewa. Asidi ndi amene angakusungireni zokololazi, koma amafuna chiwiya choyenera. Gulu lina linandiitana litakonza juwisi wa bwemba amene ankamveka chitsulo m'kamwa, ndipo ena amene analawa anachita nseru. Nditafunsa, ndinapeza kuti bwembayo anagona usiku wonse m'ndowa ya malata. Asidi amasungunula zinki amene amakutira malata, n'kulowa m'chakumwa. Poto wa aluminiyamu nayenso amadyeka: mwaonapo mmene amawalira m'kati mukaphikamo matimati? Kuwala kumeneko ndiye kuti kachitsulo kapita mundiwo. Kuphikamo kamodzikamodzi si nkhani, koma musasungiremo zowawasa. Viikani m'ndowa ya pulasitiki imene sinasungepo mankhwala a mbewu, phikani mu poto wa chitsulo chosachita dzimbiri kapena wa enamelo wosasupuka, sungani m'mabotolo agalasi.

Jamu kuti agwire pamafunika zinthu zitatu: shuga, asidi, ndi ulimbo wachilengedwe wa m'chipatso wotchedwa pectin. Chipatso chikamapsa, asidi ndi pectin zimachepa pamene shuga akuchuluka. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, chifukwa amatolera mapichesi ofeweratu amene alephera kugulika, ndipo jamu wake amangokhala madzimadzi. Sakanizani magawo atatu a akupsa bwino ndi gawo limodzi la ongoyamba kupsa. Pa kilogalamu imodzi ya zipatso zosenda thirani shuga magalamu 750 mpaka kilogalamu imodzi, ndi madzi a mandimu awiri. Njere za mandimuwo ndi khungu loyera la m'kati musataye, muli pectin wambiri. Zimangeni pakansalu koyera, muphikire limodzi, muchotse pomaliza. Pofuna kudziwa ngati wapsa, donthezani pang'ono pambale yozizira, dikirani kamphindi, mukankhe ndi chala. Akachita makwinya, phulani.

Matimati ndi amene amandidetsa nkhawa. Pali kachilombo kotchedwa Clostridium botulinum kamene kamakula m'botolo lotsekedwa mopanda mpweya n'kupanga poizoni wakupha, nthawi zina popanda fungo lililonse lokuchenjezani. Sikangakule pH ikakhala pansi pa 4.6. Mapichesi, mapulamu ndi bwemba zili pansi bwinobwino, koma matimati ali m'malire, makamaka akapsetsa. Choncho pa lita imodzi iliyonse ya matimati ophwanya thirani masupuni aakulu awiri a madzi a mandimu musanatseke botolo, kenako mumize mabotolowo m'madzi owira. Ndipo kumbukirani kumene tikukhala. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita oposa 1,500, ndipo pamtunda wotere madzi amawira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri pafupifupi 95 m'malo mwa 100. Nthawi imene ikukwanira kunyanja kuno ndi yoperewera. Mabotolo a lita imodzi awire mphindi 55, kuwerenga kuyambira pamene madzi ayamba kubwadamuka. Nyemba zaziwisi, nsawawa, kaloti ndi bowa zilibe asidi wokwanira, ndipo musayerekeze kuzitsekera m'botolo mwa njira imeneyi, zimenezo ziumitseni. Botolo limene chivindikiro chake chatukumuka, kapena lotulutsa thovu potsekula, musalawe n'komwe, kalitayeni m'chimbudzi. Amene mukufuna kugulitsa m'masitolo, katundu wanu ayenera kuyamba wayezedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo mlangizi wa m'dera lanu angakuthandizeni poyambira.

Mandimu amachuluka m'miyezi yozizira, pamene mapichesi ndi mango zimabwera kumayambiriro a dzinja, nthawi imene ndimu limasowa ndi kukwera mtengo. Gulu limene likuganiza zopanga jamu chaka chino likambirane msanga ndi eni mitengo ya mandimu, ndipo amene muli ndi malo kuseri kwa nyumba kapena kudimba, kumbani dzenje mubzale mtengo umodzi kapena iwiri mvula ikangoyamba. Mbande yomezanitsa imayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi.