Momwe mungatsekere foda yanu pa kompyuta yogawana ndi ena

Kompyuta imodzi ikamagwiritsidwa ntchito ndi anthu angapo, pamakhala foda ina yomwe simufuna kuti aliyense aziitsegula, kaya ya malipiro a antchito kapena ya mayeso a ana. Windows 10 ndi Windows 11 zimatha kuitchinga zokha. Musataye ndalama pa timapulogalamu totsekera mafoda tomwe anthu amatsatsa pa intaneti. Tambiri timangobisa fodayo, ndipo tina timabwera ndi mavairasi.

Choyamba, aliyense akhale ndi akaunti yakeyake ndi password yake. Administrator, yemwe amakhala ndi mphamvu zonse pa kompyutayo, mukhale inu nokha, ena onse akhale Standard, akaunti wamba ya mphamvu zochepa. Ngati nonse mumalowera pa akaunti imodzi, mungovutika pachabe, chifukwa kompyuta imadziwa akaunti yomwe yalowa, yemwe wakhala pampando siimudziwa. Onaninso kuti disiki yanu ndi ya NTFS, kasungidwe ka mafayilo komwe kamalola kuika zilolezo pa foda. Mafulashi ambiri amakhala a FAT32 kapena exFAT, ndipo pamenepo gawo la Security, poikira zilolezo, simudzalipeza n'komwe.

Tsopano dinani fodayo ndi batani lakumanja, pitani pa Properties, kenako Security, Edit, Add. Lembani dzina la akaunti yanu n'kuipatsa Full control. Chitani izi musanakhudze china chilichonse.

Apa ndiye pofunika kufatsa, ndipo ine panandidyerapo nthawi. Mudzaona mizere iwiri, Allow ndi Deny, ndipo mtima udzakuuzani kuti mungosankha gulu la Users n'kuchonga Deny. Musayerekeze. Deny imaposa Allow mphamvu, ndipo aliyense amene walowa pa kompyutayo amawerengedwa m'gulu la Users, inuyo kuphatikizapo. Mukatero, fodayo imakukanani ngakhale ndinu Administrator.

Njira yabwino ndi kuwachotsa anthuwo pamndandanda. Koma mukadina Remove, Windows ikana, chifukwa foda imatengera zilolezo kuchokera ku foda kapena disiki yomwe ikukhalamo. Pitani pa Advanced, dinani Disable inheritance. Pabwera zosankha ziwiri. Tengani yoyamba ndi mawu akuti Convert, yomwe imasunga mndandanda wonse kuti muusinthe nokha. Inayo imafufuta zilolezo zonse zotengerazo nthawi imodzi. Mukatero chotsani Users, komanso Authenticated Users ngati ilipo, chifukwa ambiri amaiwala iyi n'kudabwa kuti anzawo akutsegulabe fodayo. SYSTEM ndi Administrators zisiyeni momwe zilili.

Ngati mwadzitsekera kale kunja, musalole wokonza makompyuta akuuzeni zofomata makina onse kuti akulipiritseni zambiri. Bwererani pa Advanced, pa Owner dinani Change, lembani dzina lanu, chongani Replace owner on subcontainers and objects, kenako muchotse Deny ija. Mafayilo anu ali bwinobwino.

Wofunika kungowerenga mumuwonjezere ndi Read & execute. Wofunika kusintha ndi kufufuta, Modify yamukwanira. Full control imalola munthu kusinthanso zilolezo, ndiye musamaigawe mwachisawawa.

Mukamaliza, lowani pa akaunti ya mnzanu muyese kutsegula fodayo. Mukamagawa foda pa netiweki, Sharing ili ndi zilolezo zakezake kupatula za pa Security, ndipo pa ziwirizo zimene zikukhwimitsa kwambiri ndizo zimagwira. Wina akazula disiki n'kuilumikiza pa kompyuta ina, zilolezozi sizimuletsa. Pamenepo pafunika BitLocker, yomwe imatseka disiki yonse kuti isawerengeke popanda kiyi yake, ndipo imapezeka pa Windows Pro.