Momwe mungayezere nayitireti m'madzi a pachitsime kapena pamjigo

Nayitireti, mchere wa nayitirojeni umene umasungunuka m'madzi, saoneka ndiponso sanunkha, choncho madzi oyera mbee a pachitsime cha ku Kapata kapena kumudzi wa ku Katete angathe kukhala naye wambiri. Amachokera ku feteleza wa D Compound ndi Urea, kuzimbudzi zokumba ndi kumakola a ng'ombe. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi, makamaka poteteza makanda omwetsedwa mkaka wosungunula, amene magazi awo amalephera kunyamula mpweya mpaka milomo kuda. Kuwiritsa sikumuchotsa, chifukwa madzi amaphwera koma iye amatsalira mumphika.

Choyamba, pukusani mjigo kwa mphindi zingapo kuti madzi ogona m'mapaipi atuluke, kenako tsukuluzani katatu botolo lapulasitiki ndi madzi omwewo musanalidzaze. Ngati muli ndi timapepala toyezera, viikani kamodzi, dikirani nthawi imene yalembedwa pabokosi, ndipo yerekezani mtundu wake ndi tchati muli poyera. Apa ndiye pofunika maso, chifukwa matchati ena amawerenga NO3 (nayitireti yense) pamene ena amawerenga NO3-N (nayitirojeni yekha wa mu nayitiretiyo), ndipo 50 wa woyambayo ndi pafupifupi 11 wa wachiwiriyo. Wowerenga 20 patchati cha NO3-N n'kumati madzi ali bwino wadzinamiza kwambiri.

Madzi opita ku labotale alembedwe tsiku ndi malo, aikidwe m'bokosi la ayezi, ndipo afike pasanathe maola 48. Azaumoyo a kukhonsolo angakuuzeni kokawapereka.

Kuchuluka kokha sikuulula gwero, n'chifukwa chake akatswiri amayezanso ma isotope, kutanthauza nayitirojeni 14 ndi mnzake wolemerako, nayitirojeni 15. Madzi okayezedwa ma isotope amasefedwa ndi sefa ya timabowo tating'ono kwambiri ta 0.2 micron n'kuumitsidwa mufiriji. Ku labotale, mabakiteriya amasandutsa nayitireti kukhala mpweya wa nitrous oxide, umene umayezedwa ndi makina a mass spectrometer, osiyanitsa tinthu potengera kulemera kwake. Njirayi anaifalitsa wasayansi Daniel Sigman ndi anzake mu 2001, ndipo ndi imene amayezera madzi a m'nyanja zamchere. Pa muyezo wa kuchuluka kwa nayitirojeni 15, nayitireti wa feteleza amaonetsa nambala yoyandikira 0, pamene wa ndowe ndi zimbudzi kawirikawiri amapitirira 10.

Kuyeza kumeneku n'kodula, ndipo ine ndikuona kuti komiti ya mjigo izikufuna pokhapokha zotsatira zoyamba zakwera, kuti idziwe ngati gwero ndi ndowe za kuchimbudzi ndi kukhola, kapena dimba lothiridwa feteleza pafupi ndi chitsime. Kuyeza kwa timapepala muchite kawiri pachaka, m'chilimwe ndi pakati pa dzinja.