Kawerengedwe ka mbalame zakuthengo

Amene akufuna kudziwa ngati mbalame zakuthengo zikuchuluka kapena zikutha pamalo ena asadzivute ndi kuwerenga mbalame iliyonse, chifukwa zimenezo sizitheka. Chofunika ndi kuwerenga m'njira imodzimodzi, pamalo omwewo ndiponso m'nyengo yomweyo chaka ndi chaka, kuti chiwerengero cha chaka chino chidzafanizidwe ndi cha chaka chamawa popanda chokayikitsa.

M'nkhalango ndi m'tchire, momwe mbalame zimamveka kwambiri kusiyana ndi kuoneka, njira yodalirika ndi yoima pamalo amodzi. Sankhani malo angapo otalikirana mamita osachepera 200, kuti pumbwa amene mwamulemba pamalo oyamba asalembedwenso pamalo achiwiri. Lawirirani m'mamawa pamene mbalame zambiri zimalira, ndipo mukafika khalani phee kwa mphindi imodzi kapena ziwiri kuti zimene zadzidzimuka ndi mgugu wa mapazi anu zikhazikike. Kenako lembani mbalame iliyonse imene mwaiona kapena kuimva kwa mphindi 5 kapena 10, malinga ndi zimene munasankha poyamba. Nthawi ikakwana lekani, ngakhale mbalame yosowa itadzatera pamtengo womwe mwatsamira, pakuti mphindi zowonjezera chifukwa cha chidwi zimachititsa kuti malowo aoneke ngati ali ndi mbalame zambiri kuposa anzake. Pamalo oyera, monga m'tsala kapena m'dambo louma, mungathe kuyenda pang'onopang'ono mtunda woyezedwa kale, n'kumalemba zimene zili mbali zonse ziwiri.

Mbalame za m'madzi zimavuta mwa njira ina, chifukwa atsekwe ndi akakowa amatera m'chigulu ndipo sakhala malo amodzi. Werengani bwinobwino mbalame 10 kapena 50 za kumapeto, muone kukula kwa malo amene zatenga, ndipo muyeze gulu lonse ndi kagawo komweko. Gulu likakula diso limakonda kuchepetsa chiwerengero, choncho ndi bwino kujambula chithunzi kuti mukatsimikize mutakhala pansi. Ntchito imeneyi si yachabe. Kalembera wa mbalame za m'madzi amene amayendetsedwa ndi bungwe la Wetlands International anayamba mu 1967 ndipo amachitika mu Januwale, komanso pangano la Ramsar, lomwe mayiko anagwirizana pofuna kuteteza madambo, limavomereza kuti dambo ndi lofunika padziko lonse ngati kawirikawiri limasunga mbalame za m'madzi zokwana 20,000.

Kukakhala mvula yamphamvu kapena chimphepo, imitsani kuwerenga, chifukwa mbalame zimabisala ndipo kulira kwake sikumveka. M'kope mwanu muzilemba tsiku, nthawi, mmene kunja kunachera ndi dzina la wowerenga. Mbalame imene simunaizindikire musaipatse dzina longoganizira. Ndimalimbikitsa kwambiri kuti mtundu umene munauyembekezera ukapanda kuoneka mulembe ziro, chifukwa wodzawerenga kopelo akapeza mpata wopanda kanthu sadzadziwa ngati mbalamezo zinasowadi kapena munangoiwala kulemba.