Mlendo akapempha kulowa mpikisano wa magalimoto a pa intaneti

Achimwene a ku Kabwata, mwafunsa kuti muchite bwanji ndi anthu osawadziwa amene akupempha kulowa mpikisano wanu wa Lachisanu usiku. Musawakanize, komanso musawatsegulire chitseko chonse.

Choyamba, seva ikhale ndi pasiwedi, muziipereka pa Discord kapena WhatsApp kwa okhawo amene alembetsa. Mu gemu ya Assetto Corsa Competizione mutha kuika malire a SA (muyeso wa kuyendetsa mosamala) pa seva kuti oyendetsa mwaphuma asalowe n'komwe. Wosewera gemu ya Gran Turismo 7 atumize chithunzi cha SR yake, muyeso wa khalidwe lake pa mpikisano.

Kenako muyeseni, ndipo apa mpamene pagona nkhani. Azungulire nanu maulendo 10 tsiku lopanda mapointi, inu muonerenso replay, kanema wa mmene anayendetsera. Liwiro lisakupusitseni, yang'anani pa kona yoyamba. Wina amayendetsa bwino ali yekha, koma magalimoto akathithikana amalowerera ngati minibasi yolimbirana okwera pa Great East Road. Onaninso ping yake, nthawi imene intaneti yake imatenga kulumikizana ndi seva. Ikamadumphadumpha, galimoto yake imazimiririka n'kutulukira m'nthiti mwa mnzake, mwiniwake asakudziwa kanthu. Ameneyo si wankhanza ayi, angokonza kaye intaneti yake.

Akakhoza pamenepo, mpikisano woyamba ayambire kumbuyo. Muuziretu malamulo: ukagunda mnzako umudikire adutse, mbendera yabuluu (yokuuza kuti amene ali patsogolo ndi ulendo wathunthu akufuna kukupitirira) ikaoneka usatseke njira. Magetsi akamuzimira, zakunozi tikuzidziwa tonse, musamulange. Koma wogunda dala kawiri mumuchotse, pasiwedi musinthe usiku womwewo.