Kubwezeretsa Mtundu wa Bampala Imene Yasuluka ndi Dzuwa

Galimoto imene imaswera panja mu Blantyre, kaya ku Limbe kapena ku Ginnery Corner, imawombedwa ndi dzuwa la Okutobala pamodzi ndi fumbi, ndipo bampala ndi imene imayamba kuonetsa kutopa. Bampala za galimoto monga Sienta, Vitz ndi Probox n'zapulasitiki, kawirikawiri ya mtundu wa polypropylene, ndipo mukasuzumira kuseri kwake mungaone zilembo PP zitadindidwa. Musanagule mankhwala alionse, dziwani kaye mtundu wa bampala yanu, chifukwa yakuda yosapentedwa ndi yopentedwa zimasuluka mosiyana, ndipo kakonzedwe kake nakonso n'kosiyana.

Yambani ndi kutsuka bwino galimoto ili pamthunzi, bampala itazizira, makamaka m'mawa. Gwiritsani ntchito sopo wotsukira galimoto ndi siponji yofewa. Sopo wa ufa wochapira zovala, amene anyamata ambiri otsuka galimoto m'mbali mwa msewu amakonda, amachotsa polishi yoteteza penti, ndipo akapanda kusungunuka bwino amasiya timikwingwirima. Mukatsuka, yang'anitsitsani bampala idakali yonyowa. Ngati mtundu wake ukubwerera pamene pali madzi n'kusowanso pakauma, ndiye kuti chawonongeka ndi pamwamba pokha, ndipo ntchitoyi mungaigwire nokha pakhomo.

Pa bampala yopentedwa, chimene chimasuluka ndi penti yoonekera mkati imene imakhala pamwamba pa mtundu weniweni, imene opopera penti amangoitcha clear. Penti imeneyi ndi yopyapyala kuposa pepala, choncho imafuna dzanja lofatsa. Matani tepi ya mapepala m'mbali mwa nyali ndi pa mapulasitiki akuda, kenako pakani rubbing compound (mankhwala opala pamwamba pa penti mofatsa) pang'ono pansalu yofewa n'kutikita kachigawo kosaposa zikhatho ziwiri kufikira mankhwalawo atayamba kuuma. Pukutani ndi nsalu ina yoyera n'kuyerekeza ndi malo oyandikana nawo. Kusiyana kukaoneka, pitirizani kachigawo ndi kachigawo, osathamanga.

Ngati pamwamba pali pokhakhala moti compound yokha sikukwanitsa, nyikani sandipepala wa nambala 2000 m'madzi kwa mphindi 10, ndipo mukwechese mopepuka molowera mbali imodzi, madzi akuyenderera nthawi zonse. Madzi otsika amakhala oyera ngati mkaka, zomwe zikusonyeza kuti mukadali pa clear. Mukaona kuti ayamba kutenga mtundu wa galimoto, lekani pomwepo, chifukwa mwaboola. M'makona ndi m'mphepete musakwechemo n'komwe, popeza penti imakhala yochepa kwambiri m'malo amenewa, ndipo ndi mmene anthu ambiri amawonongera. Tsatirani ndi sandipepala wa 3000, kenako compound, kenako polishi.

Bampala yakuda yosapentedwa imatuwa chifukwa kuwala kwa dzuwa kumawononga pamwamba pa pulasitiki. Pano compound ndi sandipepala zilibe ntchito, ndipo compound ikalowa m'timabowo ta pulasitiki imasiya mawanga oyera ovuta kuchotsa. Kwechani ndi burashi yofewa ndi sopo, pukutani ndi spiliti kuti mafuta onse achoke, ndipo ikauma pakani mankhwala obwezeretsa mtundu wa pulasitiki otchedwa trim restorer, makamaka okhala ndi utoto wakuda. Pakani mopyapyala, pukutani otsalira, ndipo galimoto isanyowe kwa tsiku lathunthu. N'chifukwa chake masiku a chiperoni, pamene kamvula kamawaza tsiku lonse, sali oyenera ntchito imeneyi.

Pali njira zachidule zimene zafala, ndipo ine sindikulimbikitsa ngakhale imodzi. Oyilo wakale wa injini amadetsadi bampala, koma mukangodutsa msewu wafumbi wa ku Machinjiri mudzaipeza itasanduka yofiira ngati njerwa. Polishi ya nsapato imachoka ndi mvula yoyamba. Mafuta a mabuleki ndiye oopsa kwambiri, chifukwa dontho likagwera pa penti ya galimoto limaisupula. Ena amawotcha pulasitiki ndi heat gun, kachipangizo kotulutsa mpweya wotentha, ndipo kuda kumabwereradi nthawi yomweyo, koma kutuwa kumabweranso, pulasitikiyo itauma kwambiri kuposa kale.

Clear ikayamba kusupuka, n'kumaoneka zigamba zoyera m'mphepete ngati khungu lowauka, palibe polishi imene ingathandize, ndipo bampala iyenera kupoperedwa penti yatsopano. Pitani kwa wopopera penti muli ndi nambala ya mtundu wa galimoto yanu. Pa Toyota, nambalayi imalembedwa pakachikwangwani kamene kamakhala pamphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti, pafupi ndi zilembo C/TR, ndipo mwachitsanzo 040 ndi yoyera, 202 ndi yakuda, pamene 1F7 ndi yasiliva. Mufunseni ngati adzathira plastic primer pamalo onse amene pulasitiki yatulukira, popeza popanda imeneyi penti sigwira pa polypropylene ndipo imayamba kumatuka mwala ukangoimenya.

Bampala yopentedwa imene mwaipukuta nokha ipakeni wax, phula loteteza penti, tsiku lomwelo, ndipo muzibwereza pakatha miyezi itatu iliyonse. Imene yangopoperedwa kumene idikire kaye mwezi umodzi kapena kuposerapo kuti penti iume mpaka mkati, ndipo m'masiku amenewo muzingoitsuka ndi madzi ndi sopo wa galimoto basi.