Momwe mungasankhire kalembedwe ka nthawi mu log ya pgbench

pgbench ndi chida choyesera liwiro la database ya PostgreSQL. Tinene kuti PostgreSQL mwaika kale ndipo pgbench -i (yokonza matebulo oyeserapo) mwayendetsa, choncho zimenezo tizidumphe.

Choyamba onjezani -P 5 kuti pgbench izikuuzani liwiro pa masekondi asanu alionse. Apa ndi pomwe ndinagwera m'mbuna. Mukaisiya choncho, imangowerenga kuchokera pomwe mwayambira: 5.0 s, 10.0 s, mpakana kumapeto. Tsiku lina ndikuyesa database ya kasitomala wina ku Luwinga, liwiro linatsika mwadzidzidzi pa sekondi ya 340. Ndinatsegula log ya seva kuti ndione chomwe chinachitika. Koma 340 imeneyi ndi nthawi yanji pa wotchi? Nthawi yoyambira sindinailembe, ndinangokumbuka kuti kunali cha m'ma 10 koloko m'mawa. Masana onse ndinathera pa mizere ya 10 koloko, osapezamo kanthu, tiyi mpaka kuzizira. Osadziwa kuti seva inkalemba mu UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayenderapo, pomwe ife kuno ku Malawi tili patsogolo ndi maola awiri. Wolakwa anali checkpoint (pomwe seva imalemba pa disk zonse zomwe zasintha mu memory), atakhala phee pa mizere ya 8 koloko.

Mankhwala ake ndi --progress-timestamp. Mukaika imeneyi, mzere ulionse umayamba ndi epoch, kutanthauza masekondi omwe adutsa kuchokera pa 1 January 1970 mu UTC. Ndi chinambala chachitali chosasangalatsa m'maso, koma n'chimodzimodzi kaya muli ku Katoto kaya ku London. Ku seva nako, mu log_line_prefix (setting ya zomwe zimayamba mzere ulionse wa log) chotsani %m muike %n yomwe imalemba epoch, kenako reload kuti seva iwerengenso ma setting. Mbali ziwirizo zayamba kulankhula chinenero chimodzi.

Musanayambe onani wotchi ya makina onse awiri, oyendetsa pgbench ndi a seva. Makompyuta a kaunjika omwe timagula m'tauni muno ambiri amabwera kabatire ka CR2032 kosunga wotchi katafa kale, ndiye magetsi akangothima wotchi imasokonekera. Wogulitsa adzakulumbirirani kuti ndi katsopano, musamumvere. Kabatireko sikadula, gulani kanu, ndipo muyatse NTP, yomwe imakonza wotchi kudzera pa intaneti. Siidya bandulo.

Mukafuna log ya transaction iliyonse, onjezani -l. Imeneyo imalemba epoch payokha, pamodzi ndi ma microsecond, koma fayilo imatupa msanga. Ine ndimaphatikiza --aggregate-interval=10, kuti izilemba chidule cha masekondi 10 alionse m'malo mwa transaction iliyonse.

Kuti chinambala chija chikhale nthawi yoti munthu n'kuwerenga, lembani date -d @ kenako nambalayo, osasiya mpata.